Mapu a makasitomala anga, mmene ntchito ya mnyamata wa mawebusayiti yayendera

Ine ndimagulitsa mazira ndi nkhuku zososola kuno ku Luwinga, ndipo makasitomala ndili nawo ndithu koma kuwafikira ndiye kunali mutu. Wakabaza anyamula matileyi atatu, wafika ku Chiputula, basi foni, "amayi nyumba yake ndi iti?" ine ndiimbire kasitomala sakuyankha, mayunitsi akutha, uku mvula yathu ya ku Mzuzu ija yayamba. Nde mchemwali wanga anandilozera mnyamata wina wa ku Katoto amene amapanga mawebusayiti, akuti akhoza kundiikira makasitomala onse pa mapu. Tsopano yatha miyezi itatu ndikugwiritsa ntchito.

Mmene anandifotokozera, zinthu zake zili pawiri. Ndikalemba dzina ndi adilesi, pulogalamu ya PHP imene ili pa seva (kompyuta yosunga webusayiti) imatumiza adilesiyo ku Nominatim, yosakira malo pa mapu a pa intaneti a OpenStreetMap, iyo imabweza manambala awiri osonyeza pamene pali malowo, latitude ndi longitude, nkuwasunga mu database. Kenako ndikatsegula pa foni, pulogalamu ina ya JavaScript ndi imene imatenga manambalawo nkuika timapini pa mapu, iye anagwiritsa ntchito Leaflet, chida choonetsera mapu pa webusayiti. Ndinamufunsa bwanji osangoika Google Maps imene tonse tinaizolowera, anati ya Google ija kuti uiike pa webusayiti yako imafuna akaunti yokhala ndi khadi ya kubanki, pomwe Nominatim ndi yaulere bola usamafunse kopitilira kamodzi pa sekondi, nchifukwa chake adilesi ikapezeka kamodzi amaisunga. Pamenepo ndinamukonda, amafotokoza mosakuchititsa manyazi.

Koma apa nde pali nkhani. Ife ma adilesi athu mukuwadziwa. Kasitomala amati "Zolozolo, mukadutsa chigayo mukhote kumanja, geti lobiriwira pafupi ndi mtengo wa mapeyala", tsono kompyuta ikadziwa bwanji mtengo wa mapeyala? Imangogwira mawu oti Zolozolo nkuika pini pakati pa dera lonse, nthawi zina osapeza kalikonse. Sabata yoyamba makasitomala anga onse a ku Chibavi anaunjikana pa pini imodzi, ine kuyang'ana ndimaona ngati ndili ndi munthu mmodzi yekha. Ndinakhumudwa kwambiri chifukwa theka la ndalama ndinali nditatumiza kale pa Mpamba.

Anabweranso nkukonza, ndipo chimene anaonjezera ndi chimene chapulumutsa zonse. Pano kasitomala amanditumizira location pa WhatsApp ine nkukopera manambala aja, kapena wakabaza akafika pakhomo koyamba amadina batani, foni imatenga malowo ndi GPS. Pansi pa pini timalembabe za chigayo ndi geti zija, zimathandiza. Kusaka ndi adilesi kuja kwangotsala kotipezera dera basi.

Cholakwika china chinali chake iyeyo. Mzuzu ili kummwera kwa equator, ndiye latitude yathu imayamba ndi minus, cha m'ma -11.46, longitude 34.02. Fomu yake inkadya minus uja, tsiku lina kutsegula ndinapeza mayi wa ku Mchengautuwa ali ku Sudan. Anakonza tsiku lomwelo, anapepesanso.

Chimene sindinagone nacho tulo ndi choti poyamba tsambalo linalibe password, aliyense wokhala ndi link akanatha kuona nyumba za anthu ndi manambala awo a foni. Amenewa ndi anthu oti anandikhulupirira, ena ndi amayi okhala okha. Ndinamuuza kuti atseke kaye ndisanamalize kulipira, ndipo anatseka, koma zimenezi amayenera kuziganizira yekha. Inu amene mukufuna zoterezi funsani za password tsiku loyamba.

Bandulo imadyako ndithu mapu akamatseguka, ndipo netiweki ikavuta mapini amabwera okha popanda mapu, kumbuyo kwake kuli mbee. Mnyamatayo nayenso foni amayankha mochedwa, uthenga wa mmawa amayankha madzulo. Komabe ndikumupatsa nyenyezi 4 pa 5. Loweruka lapitali ndinayang'ana mapu nkuona kuti maoda a ku Katawa, Chibanja ndi Masasa atha kupita ulendo umodzi, wakabaza ananyamuka 8 koloko, isanakwane 11 anali atabwera ndi matileyi opanda kanthu, osandiimbira ngakhale kamodzi.