Galaji ya ku Luwinga imene inayamba yamvetsera Hilux yanga isanamasule bawuti

Kumayambiriro kwa mwezi wa Marichi ndinapita ku Nyika pa galimoto yanga ya Toyota Hilux ya chaka cha 2012, ya injini ya dizilo ya malita 2.5, imene panthawiyo inali itayenda makilomita opitirira 240,000. Aliyense amene anadutsapo msewu wochokera ku Rumphi kudzera ku Bolero mpaka pachipata cha Thazima, n'kukweranso mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kukafika ku Chelinda, akudziwa kuti nyengo ya dzinja msewuwu ulibe chisoni ndi galimoto. Muli matope oterera ngati therere, miyala yotayirira, mizere yokumbika ndi madzi, komanso malo amene mtsinje umasefukira n'kudula msewu. Ndinakhalako masiku atatu, ndipo kawiri konse ndinawoloka madzi ofika pakati pa matayala.

Pobwerera, nditangoponda tara, galimoto inayamba kulankhula zinenero zimene inali isanalankhulepo. Kutsogolo chakumanzere kumamveka kaphokoso kosongoka ka zitsulo zokhulana, kakuti tsiii, kamene kamabwera n'kutha kokha. Ndikakhota kwambiri, makamaka potuluka pamalo omwetsera mafuta, kumamveka kokoko wotsatizana. Ndikanyamuka pamalo pamene ndinaima, pansi pa mpando pamagunda kamodzi kuti gu. Ndipo liwiro likafika makilomita 90 pa ola, chiwongolero chimanjenjemera m'manja, kwinaku kukumveka mkokomo wapansipansi. Mnzanga amene ndinali naye anagamula nthawi yomweyo kuti giyabokosi yatha, ndipo makaniko wina wa m'mbali mwa msewu amene tinamufunsa anavomereza asanasuzumire n'komwe pansi pa galimoto, nati tibwere nayo m'mawa aitsitse. Usiku umenewo tulo sitinabwere, chifukwa chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zipangizo za galimoto ndi wosayamba.

Galaji imene ndikuiwunika pano ili ku Luwinga mu mzinda wa Mzuzu, ndipo anandilozera ndi dalaivala wina amene ntchito yake ndi yoyenda m'misewu ya kumidzi chaka chonse. Eni ake sanandipemphe kuti ndilembe izi, ndipo popeza nditchulanso zimene anaphonyetsa, dzina lawo ndalisiya. Maonekedwe a malowo sakopa munthu. Ndi bwalo la mpanda wa njerwa lokhala ndi shedi ya malata, dzenje limodzi lolowera pansi pa galimoto, majeke awiri akuluakulu, ndi mulu wa zitsulo zakale pakona. Pabwalopo panali ma Land Cruiser awiri ndi Nissan Hardbody imodzi, zonse zofiira ndi dothi, ndipo chimenecho chinandilimbitsa mtima kuposa chikwangwani chilichonse.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mkulu wa amakaniko, bambo wachikulire wolankhula mosathamanga, sanakhudze sipanala kwa mphindi pafupifupi 20. Anayamba ndi mafunso, ndipo mafunso ake anali a munthu wodziwa chimene akufunafuna. Anafuna kudziwa ngati phokoso lililonse limatsatira liwiro la galimoto kapena kulira kwa injini, ngati limasintha ndikaponda buleki, ngati limatha ndikaponda kilatchi, ngati ndinawoloka madzi galimoto ili yotentha, komanso malo enieni amene ndinachotsera giya ya matayala anayi. Funso lomalizali linandichititsa manyazi, pakuti ndinali nditaiwala ndodo ya giyayo pa H4, pamene matayala onse anayi amakoka, kwa makilomita angapo pa tara, ndipo nditakumbukira inakana kubwerera pa H2, pamene amakoka ndi akumbuyo okha, mpaka nditabweza galimoto m'mbuyo pang'ono.

Iwo sanandiseke, koma anandifotokozera chifukwa chake zimenezi n'zoopsa pa galimoto ya mtundu wanga. Hilux yotere ilibe difu yapakati, chipangizo chimene chimalola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana, choncho ikakhala pa H4 kapena L4, giya yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono, matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira mofanana. Pokhota, akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, ndipo pa matope kapena pa mchenga kusiyanako kumathera m'kuterereka kwa tayala. Pa tara wouma tayala silitereka, ndiye mphamvuyo imapotokola zitsulo kuyambira mu transfer case, bokosi la magiya logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka m'mashafti. Anawonjezera kuti Prado ndi yosiyana chifukwa ili ndi difu yapakati ndipo inapangidwa kuti iziyenda ndi matayala onse anayi nthawi zonse, n'chifukwa chake malangizo a mwini Prado sayenera kutengedwa osaganiza ndi mwini Hilux.

Kenaka tinakwera tonse, iwo akuyendetsa, wailesi itazimitsidwa, mazenera ali otsekula. Pabwalo lina lalikulu anapotokola chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono, poyamba kumanzere kenaka kumanja, ndipo kokoko uja anamveka bwinobwino kuchokera ku tayala lakumanja. Pa msewu waukulu anathamangitsa galimoto mpaka mkokomo unayamba, n'kuigwedeza pang'ono uku ndi uku. Anandiuza kuti bearing ya tayala, chipangizo chimene tayala limazungulirapo, ikamatha, kulira kwake kumakula galimoto ikatsamira mbali ya bearing yodwalayo, n'kuchepa ikatsamira mbali inayo. Mkokomo wanga sunasinthe ngakhale pang'ono. "Adada, maphokoso anuwa si a chinthu chimodzi," anatero pobwerera, "ndamva anayi, ndipo palibe limene likuchokera mu giyabokosi."

Apa ndi pamene ndinaona kuti ndalama yanga ikugwira ntchito, ndipo ndikufuna kufotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ndi mbali imene magalaji ambiri amadumpha. Atanyamula galimoto n'kuchotsa tayala lakumanzere, analowetsa chala pakati pa disiki ya buleki ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamaitchinga kumbuyo, n'kutulutsa kamwala kochepa ngati njere ya nzama, kosalala mbali imodzi chifukwa chokhulika. Kachitsuloko kanali katapindika pang'ono, ndipo anakawongola ndi dzanja. Kaphokoso kosongoka kaja, kamene kanandiopsa kuposa onse, kanathera pomwepo popanda kugula chilichonse. M'kati mwa marimu onse anayi munali matope ouma gwa, okhuthala mbali imodzi, amene otsuka galimoto ku Rumphi sanawafikire chifukwa anangotsuka kunja. Matope amenewo ndi amene amalemeretsa tayala mbali imodzi n'kuchititsa chiwongolero kunjenjemera. Mnyamata wina anawapala ndi chitsulo, ndipo anadzaza theka la ndowa.

Ngakhale mayeso a pamsewu anali atasonyeza kale kuti ma bearing ali bwino, anawayesabe kachiwiri. Anagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza kuti aone ngati likusewera, kenaka anaika dzanja pa sipuling'i pamene mnyamata amazunguza tayalalo, ponena kuti bearing yokumbika imatumiza kanjenjemera kamene dzanja limamva khutu lisanamve. Panalibe kanthu. Mkokomo wapansipansi anaupeza pa matayala akumbuyo, amene mano ake anadyeka mosiyana ngati mano a sowo, ndipo anandiuza kuti ndi wosaopsa, ndingowasinthanitsa ndi akutsogolo. Munthu wina akanandigulitsa ma bearing awiri pamenepa ndipo ine sindikanadziwa, chifukwa ndinali nditabwera wokonzeka kale kumva uthenga woipa.

Kugunda kwa pansi pa mpando kunali kwa propshaft, shafti yaitali yotumiza mphamvu ku matayala akumbuyo. Analowa m'dzenje, n'kuigwira ndi manja awiri, kuipotoza uku ndi uku, ndipo anapeza kuti mitanda yake sikusewera, koma malo amene shafti imalowana n'kutalika kapena kufupika galimoto ikamadumpha anali atauma chifukwa madzi ndi mchenga zinakokolola girizi. Anapopera girizi m'timabowo tonse ta shaftiyo mpaka wakale wakuda atatuluka. Anandifunsa kuti ndi liti pamene timabowoto tinalawa girizi komaliza, ndipo ndinalibe yankho, chifukwa kumene ndimapita kukasintha oyilo amangoona injini basi.

Vuto lenileni linali pa CV joint yakunja ya kumanja, mfundo ya shafti imene imalola tayala lakutsogolo kulandira mphamvu ngakhale likukhota. Labala yake inali itang'ambika, mwina ndi chitsa, ndipo girizi anali atamwazikira m'kati mwa rimu, pamene m'malo mwake munalowa mchenga. Anandiuza mosapsatira kuti joint ikayamba kale kugogoda ndiye kuti timipira tachitsulo ta m'kati mwake tadyeka pamodzi ndi njira zake, ndipo kuvalika labala yatsopano n'kungobisa chilonda. Anandiyalira njira zitatu, yogula chipangizo chenicheni cha Toyota, yogula cha kampani ina yodalirika, ndi yogula shafti yathunthu yakale yochotsedwa pa galimoto ina, n'kundiuza ubwino ndi kuipa kwa iliyonse popanda kundikankhira kulikonse. Ndinasankha yachiwiri.

Chinthu chimene ndimawayamikira nacho kwambiri ndi chimene chinalibe phokoso n'komwe. Chifukwa cha yankho langa lija la kuwoloka madzi, anamasula bawuti ya difu yakumbuyo, bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo, n'kuviika chala, ndipo chinatuluka ndi oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka. Difu imatentha ikamayenda, ndipo ikamizidwa mwadzidzidzi m'madzi ozizira mpweya wa m'kati umafota n'kukoka madzi kudzera pa kabowo kopumira kamene kali pamwamba pake. Oyilo wosakanikirana ndi madzi satetezanso mano a magiya, ndipo pamene mwini galimoto adzayambe kumva kulira, difuyo imakhala itapita kale. Anakhetsa wakaleyo n'kuthira watsopano wa mtundu wa GL-5, ndipo anaonanso wa difu yakutsogolo ndi wa transfer case, amene anali oyera, choncho sanawasinthe.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse, pakuti zilipo ndithu. Anandilonjeza kuti joint ija ibwera pa basi kuchokera ku Lilongwe tsiku lotsatira, koma galimoto inagona pagalajipo masiku atatu, ndipo palibe amene anandiimbira foni kundiuza chifukwa chake. Nthawi zonse ndine ndimaimba, ndipo yankho limakhala lakuti katundu ali m'njira. Kuchedwa kwa basi si mlandu wawo, koma kukhala chete ndi mlandu wawo, makamaka kwa munthu amene galimotoyo ndi khasu lake. Chachiwiri, mtengo wa ntchito anangonena pakamwa, ndipo nditapempha kuti andilembere, anachita kung'amba pepala m'kope la sukulu. Mtengowo sunasinthe pomaliza, ndipo zimenezo ndikuvomereza, koma bungwe kapena kampani yofuna malisiti olongosoka ingavutike nawo. Malo odikirira kulibe, kupatula benchi imodzi ya mafutamafuta pansi pa mtengo wa mango.

Cholakwika chachikulu chinachitika tsiku lotenga galimoto. Ndisanafike n'komwe pakati pa tawuni, pansi pa injini panayamba phokoso latsopano la malata, lakuti ngwerengwere, pa bampu iliyonse. Nditabwerera anapeza kuti mnyamata amene anabwezera chitsulo chotchinga pansi pa injini anasiya mabawuti awiri osamangitsa. Mkuluyo anapepesa, anamanga yekha, ndipo anayendera mabawuti ena onse amene anakhudzidwa pa ntchitoyo ine ndikuona. Komabe munthu amene amamvetsera galimoto mosamala chotere poilandira amayenera kuiyendetsanso yekha asanaipereke, ndipo akanatero, phokosolo akanalimva pa bampu yoyamba ya pageti pake. Ndinaonanso kuti manati a matayala amamanga ndi sipanala yovekedwa paipi, mnyamata n'kuimirira pamwamba pake, m'malo mogwiritsa ntchito sipanala yoyezera mphamvu. Kumanga kotere kumatha kukoka mabawuti mpaka kuduka, ndipo tsiku limene tayala lidzaphulike uli wekha kutchire, natiyo siimasuka ndi sipanala ya m'galimoto. Makina owongolera matayala alibe, choncho ntchito imeneyo ndinakachititsa kwina.

Pa nkhani ya ndalama, ya kufufuza vuto yokha inali yochepa kuposa ya dizilo amene ndimawotcha kuchoka ku Mzuzu kupita ku Rumphi n'kubwerera, ndipo gawo lalikulu la zimene ndinalipira linapita ku joint ndi oyilo. Zipangizo zakale anandibwezera m'jumbo ndisanapemphe, ndipo joint yakaleyo nditaitsuka kunyumba ndinaona ndi maso anga mizere yokumbika imene amanena ija.

Amene galimoto yake yabwera ndi phokoso losadziwika kuchokera ku Nyika, ku Vwaza kapena pa makona 20 a msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia, malo amenewa ndi oyenera, bola apite ali ndi masiku owonjezera m'thumba, afunse mtengo wolembedwa ntchito isanayambe, ndipo aumirire kuyenda ndi mkuluyo kaulendo kochepa asanalipire. Amene akufuna ntchito ya kompyuta pa galimoto zatsopano zodzaza ndi zamagetsi, kapena amene akufuna kusiya galimoto m'mawa n'kuitenga masana, apite kwina. Ineyo ndayenda makilomita oposa 2,000 chichokereni kumeneko, ndipo pa maphokoso anayi aja palibe limene labwerera. Labala ya CV joint yakumanzere anandionetsa kuti yayamba timing'alu, ndipo tinapangana kuti ndipite nayo mvula isanayambe.