Mtedza umawoloka pa Mwami, luso limatsala

Mwana wa mlongo wanga wa kwa Kamwendo wamaliza maphunziro a zamagetsi. Setifiketi ili m'manja, ndipo sabata iliyonse amanditumizira funso lomwelo pa WhatsApp: "Malume, ndibwere liti ku Lusaka? Pa wailesi akuti malire atsegulidwa." Anzake a ku Kapiri ndi ku Mkanda nawonso ayamba kufunsa. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere.

Ndinafika kuno ndi chikwama cha mapulayala ndi tesita, ndikuganiza kuti popeza chilankhulo ndi chimodzi, ntchito siivuta. Chilankhulo sichinavutedi. Chinavuta ndi pepala. Kontirakitala woyamba anayang'ana setifiketi yanga, naitembenuza, n'kunena kuti iye saidziwa. Zaka ziwiri ndinkalumikiza mawaya a nyumba yonse ndekha, wosainira ntchitoyo n'kukhala wina, ine kumalandira za wothandizira. Chilolezo chogwirira ntchito kuno amakupemphera ndi bwana, ndipo ayenera kusonyeza chifukwa chimene sakulembera mwini dziko. Bwana wakeyo ndi uti amene angavutike choncho chifukwa cha mnyamata wa ku Mchinji? Ine ndinamupeza mochedwa, nditaonda kale ndi nkhawa.

Pobwerera kuchokera ku Khirisimasi ndinayenda ndi azakhali anga amene amagulitsa mtedza ku Chipata. Chipata cha pa malire cha Mwami chasintha kwambiri chichitsegulireni a Chakwera ndi a Hichilema nyumba yatsopano mu Disembala 2022: umaima malo amodzi, osatinso mbali ino kenako mbali inayo. Azakhali anadzaza kafomu kakafupi ka amalonda ang'onoang'ono kochokera ku COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kamene kamagwira pa katundu wosapitirira madola 2,000. Posakhalitsa matumba awo anali pa galimoto. Ndinasangalala nawo, koma mumtima ndinkadzifunsa kuti malonda anga ine, amene ali m'manja ndi m'mutu, fomu yake ili kuti.

Yankho ndinali nditalimva kale pang'ono mu 2024, chaka chimene madzi anachepa kwambiri ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi n'kumazima kuposa theka la tsiku. Aliyense ankafuna sola, ndipo ife tinkagona pa madenga. Nyumba ina inali ya amayi achikulire amene anapuma pa ntchito yokambirana mapangano a zamalonda. Nditamaliza kuika mabatire anandipatsa tiyi, ndipo nditawadandaulira, anatola zitsekerero zinayi za mabotolo n'kuzindandalika pa tebulo.

"Achimwene, ntchito imawoloka malire m'njira zinayi," anatero, akukankha chitsekerero chimodzichimodzi. Yoyamba, ntchito imayenda yokha, munthu ali pomwe ali, monga kuimba foni kapena kutumiza ndalama. Yachiwiri, wogula ndiye amayenda, monga wa ku Mchinji wokachizidwa maso ku Zambia. Yachitatu, kampani imakatsegula nthambi kudziko lina, monga momwe First Capital Bank ya kwathu ilili kuno, kapena Standard Bank kwathuko. Atafika pa chachinayi anachikanikiza ndi chala osachikankha. "Ichi ndinu. Munthu weniweni kupita kukagwira ntchito. Ichi maiko amachigwiritsa."

Anandifotokozera momwe zokambiranazo zimayendera, ndipo n'zofanana ndi kutsatsana pa msika wa ng'ombe. Dziko limapempha anzake kuti litsegulireni gawo lakuti, ilonso limanena zimene lipereke. Pomaliza dziko lililonse limalemba mndandanda wake: gawo ili tatsegula, ili tatsegula koma ndi malire awa, ili sitikulonjeza kanthu. Zimene sizinalembedwe sizinalonjezedwe. Njira zinayizi zinachokera ku pangano la 1995 la WTO, bungwe la zamalonda la dziko lonse lapansi, ndipo mapangano a kuno anatengera momwemo. Pa njira yachinayi, kawirikawiri olembedwa amakhala mabwana ndi akatswiri amene kampani yawatumiza kunthambi yake, kwa kanthawi. Munthu wongonyamuka kukafuna ntchito, panganolo silimukhudza n'komwe.

Choncho a pa wailesi sakunama, kungoti nkhaniyo amaidula. Pangano la SADC la malonda a ntchito linasainidwa ku Maputo mu 2012, n'kuyamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Magawo oyamba kukambidwa anali asanu ndi limodzi: za mauthenga, zomangamanga, za mphamvu monga magetsi, za ndalama, zokopa alendo ndi za mtengatenga. Taonani, zomangamanga ndi magetsi zilimo, ntchito yathu yeniyeni. Koma amene amapindula msanga ndi kampani yokhala ndi ndalama zotsegulira ofesi. La Africa yonse, AfCFTA, limene anasaina ku Kigali mu 2018, nalonso linayamba ndi magawo asanu. Chaka chomwecho panabweranso pangano lakuti anthu aziyenda momasuka mu Africa, koma ilo silinayambe kugwira ntchito chifukwa maiko olivomereza sanakwane 15.  

Sindikuloza chala anthu a kuno. Achinyamata a ku Kanyama ndi ku Chawama, makomboni a kuno ku Lusaka, nawonso akuyenda ndi masetifiketi m'manja, ndipo wamagetsi wa ku Chipata akafuna ntchito ku Lilongwe amakumana ndi khoma lomwelo. Chimene chimandipweteka n'chakuti pokonza zimene Malawi akapemphe, mawu a mabanki, a makampani a mafoni ndi a eni mathiraki amamveka chifukwa ali ndi mabungwe ndi maloya. Wowotcherera zitsulo pa boma, mmisiri wa njerwa, makanika wa njinga zamoto, ndani amawafunsa? Mwana wosalira amafera m'chikuta.

Ndipo chimene tikufuna si chachikulu. Tikufuna kuti setifiketi ya kwathu izindikirike kuno, ya kuno izindikirike kwathu. Ku Malawi kuli TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ku Zambia kulinso TEVETA, mayina ofanana, ntchito yofanana. Waya wa 2.5 wa pa soketi ndi yemweyo mbali zonse ziwiri. Maiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana kale kuzindikirana ziphaso za mainjiniya, akauntanti ndi ojambula mapulani a nyumba. Ngati zinatheka kwa a mataye, zingathekenso kwa a maovolosi, bola wina akazitchule pa tebulopo. Mukakhala ndi msonkhano wa phungu kapena wa a unduna wa zamalonda, funsani funso limeneli: pa njira yachinayi ija, Malawi wapemphera amisiri chiyani?

Tsono iwe mwana wa mlongo wanga, usabwere ngati mlendo n'kuyamba maganyu mobisa. Ndaona anyamata akumanidwa malipiro a miyezi itatu, osatha kukadandaula kulikonse chifukwa choopa kugwidwa. Yamba walembetsa kabizinesi kako konko, mugwirizane ndi anzako atatu kapena anayi, muzijambula ntchito iliyonse imene mwamaliza ndipo mwini nyumba azikulemberani kalata. Sola ikufunika ku Mchinjinso, m'masukulu, m'zipatala ndi kwa alimi a mthirira. Ine ndikulankhula ndi abwana anga, mwina chaka chamawa adzafuna munthu wachiwiri wodziwa mainvata.

Kumapeto kwa Ogasiti ndidzakhala ku Mkaika pa Kulamba. Amayi ako akuti abwera ndi gulu la kwa Kamwendo. Udzabwere nawo, utatenga setifiketi yako ndi mafotokope awiri, ndidzapite nawo kuno.