Kugawa kapena Lucas-Lehmer: kuyesa 2,147,483,647

Aphunzitsi a masamu a ku Chikwawa ndi Nsanje, tengani 2^31 − 1, yomwe ndi 2,147,483,647. Katswiri wa masamu Euler adatsimikiza mu 1772 kuti ndi prime, kutanthauza nambala yomwe imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi. Mukasankha kutsimikiza zimenezi pogawa, muyenera kuyesa ma prime onse osapitirira 46,340, ntchito yoti kalasi silingaimalize. Ubwino wake, nambala ikagawika mumadziwa zoigawa: 2,047 ndi 23 kuchulukitsa 89.

Njira ya Lucas-Lehmer ndiye yachangu. Yambani ndi 4, ichulukitseni ndi iyo yomwe, chotsani 2, gawani ndi 2,147,483,647, sungani chotsala. Bwerezani ndi chotsalacho mpaka mutachita zimenezi ka 29. Chotsala chomaliza chikakhala 0, ndiye kuti 2,147,483,647 ndi prime. Kakyuleta ya kusukulu imadula manambala aatali n'kusokoneza chotsalacho, choncho gwiritsani ntchito kompyuta. Koma njirayi imagwira pa nambala za Mersenne zokha (za mtundu wa 2^p − 1, pomwe p ndi prime), ndipo siulula zoigawa.