Chigayo cha mipira chopera miyala ya sulphide, patapita miyezi

Bilu ya mipira yachitsulo yatsopano yoperera miyala m'chigayo yangofika, ndiye ndati ndilembeko za chigayo chija ndimaperera miyala ndi madzi. Mota sinavutepo, ma liner a labala oteteza mkati mwa chigayo akadali bwinobwino, fumbi kulibe. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Nkhani ili pa mipira. Wogulitsa anandipatsa ya forged steel (chitsulo chosulidwa) wamba akuti ndi yotchipa komanso yolimba, chonsecho ndinamuuza kuti mwala wanga ndi chalcopyrite (mwala wa kopa) yosakanikirana ndi pyrite wambiri (mwala wa chitsulo), yonseyi ndi miyala ya sulphide, yokhala ndi sulufule. Miyala imeneyi ikamagundana ndi chitsulo m'madzi zimakhala ngati batire, pyrite amakhala cathode, mpira umakhala anode, mbali ya batire yomwe imadyeka, ndiye mpirawo umadyeka mwachangu kuposa ukamapera quartz. Chitsulo chosungunukacho chimasanduka dzimbiri la iron hydroxide n'kumata pa chalcopyrite, makamaka tizidutswa take ting'onoting'ono kwambiri, oxygen wa m'matope amathera pomwepo, Eh (muyeso wa mphamvu ya oxidation m'matope) imatsika, ndipo xanthate, yomwe ndi collector kapena kuti mankhwala ogwira mwala wa kopa kuti ukwere ndi thovu, imalephera kugwira poti imafuna oxygen kuti imamatire pamwalapo. Pa flotation, pomwe timalekanitsa kopa pomuyandamitsa ndi thovu, thovulo limangobwera lofooka, kopa akupita ndi tailings (zotsala zotaya) ine ndili bize kuwonjezera collector, aaa zinkandinyansa heavy.

Zinasinthako nditayamba kupopera mpweya m'matope ndisanathire collector, komanso laimu kuti pH (muyeso wa asidi) ifike cha mu 10, zomwe zimagonekanso pyrite kuti asakwere ndi thovu. Kopa anabwerera ndithu, masiku amenewo ndinkachikonda chigayochi. Koma laimu ngogula, kompresa ikudya magetsi, mipira nayo ikungotha, ukawerengera zonse kutchipa kuja kulibe.

Mnzanga amapera mwala wofanana ndi wanga koma ndi mipira ya high chrome (yachitsulo chokhala ndi chromium wambiri), dzimbiri lake ndi lochepa ndipo collector sathira wambiri ngati ine. Ndinamuyimbira wogulitsa uja kuti atenge mipira yomwe sindinaigwiritse ntchito andipatse ya chrome ndiwonjezere ndalama, poyamba anati palibe vuto bwana, kenako akuti warranty ndi ya makina osati mipira, pano foni sakuyankha. Makina okhawo ndingagulenso, koma kwa iyeyo ayi pokhapokha mtundu wa mipira ulembedwe papepala ndisanalipire kalikonse.