Wiktionary yandilondolera komwe mawu oti vinyo anachokera

Lamulungu lapitali titatuluka pa mgonero mphwanga yemwe amagwira ntchito ku Tete anandiuza kuti Apwitikizi nawo amati vinho, ndipo akamatchula zimamveka ngati vinyo wathu yemweyu. Nkhaniyi inandikhala mmutu tsiku lonse, moti usiku ndinatenga foni nkutsegula Wiktionary kuti ndione ndekha, ndiye ndati ndikuuzeniko mmene ndayionera poti ambiri mumangodziwa Wikipedia basi.

Wiktionary ndi dikishonale yaulere ya pa intaneti, eni ake ndi a Wikimedia Foundation omwenso amayendetsa Wikipedia, ndipo inayamba mu 2002. Sulipira kanthu, palibe zotsatsa malonda zomangotulukira pa sikirini, komanso bandulo siyitha msanga poti masamba ake ambiri ndi zolemba zokhazokha. Chomwe ndaikondera kwambiri nchoti ukalemba liwu limodzi imakubweretsera zilankhulo zonse zomwe zili ndi liwulo pa tsamba limodzi, chilichonse ndi tanthauzo lake komanso komwe linachokera.

Ine ndinalemba vino. Ku Italy ndi ku Spain amati vino, ku France ndi ku Romania amati vin, ku Portugal vinho, onsewa ndi ana a mayi mmodzi Chilatini chomwe chinkati vinum, ndiye apa palibe chodabwitsa, ana a mimba imodzi amafanana ndithu. Pomwe ndinadzuka nkukhala tsonga mpomwe ndinaona kuti anthu a mbumba ina ya zilankhulo yotchedwa Chisilavo nawonso ndi liwu lomwelo, ku Russia vino koma mzilembo zawo, ku Serbia, Croatia ndi Slovenia vino, a ku Czech amalemba víno, a ku Poland wino koma w wawoyo amamutchula ngati v. Ukadina pa liwu lakale la makolo awo upeza lalembedwa ndi kanyenyezi kutsogolo, *vino, kanyenyeziko kakutanthauza kuti palibe anapeza liwulo litalembedwa penapake, akatswiri anachita kulibwezeretsa poyerekeza zilankhulo za ana ake. Kameneko kanandisangalatsa kwabasi chifukwa sakukunamiza kuti ali ndi umboni omwe alibe. Akatswiri ambiri amati Asilavo anabwereka liwuli ku Chilatini, mwina mwachindunji kapena kudzera kwa anthu a Chijeremani akale monga a Goth omwe ankati wein.

Ukapitiriza kudina umangolowerabe mkati ngati ukutsata mtsinje kupita kumtunda. Agiriki akale ankati oinos, ku Georgia amati ghvino, ndipo ku Georgia komweko nkomwe mu 2017 ofufuza analengeza kuti apeza zotsalira za vinyo mmitsuko ya dothi ya zaka pafupifupi 8,000. Tangoganizani, liwu lomwe timalitchula tikamawerenga za ukwati wa ku Kana lili ndi abale ake mpaka kumapiri a Caucasus. Kwathu kuno linadza ndi Apwitikizi omwe anakhazikika ku Sena ndi ku Tete mmbali mwa Zambezi kuyambira mzaka za mma 1500, njira yomweyo yomwe inatibweretsera nsapato kuchokera ku sapato, ndipo anzathu a Chiswahili amati mvinyo.

Gawo la matanthauzo ndi lomwe linandidyera nthawi. Ku Spain vino ndi chakumwa inde, komanso liwu lomwelo limatanthauza kuti anabwera, ndipo ku Romania vin ndi vinyo komanso ndikubwera, koma amenewa ndi mawu ena ochokera ku venire ya Chilatini, angofanana nkhope basi sipachibale ayi, ndipo Wiktionary imawasiyanitsa bwinobwino powapatsa manambala, chiyambi choyamba ndi chiyambi chachiwiri. Kwa a Czech víno limanenanso mphesa zenizenizo zomwe umagula pa msika. Vinograd ku Russia ndi mphesa pomwe ku Croatia ndi munda wa mpesa. Nanga liwu loti vina, ku Russia ndi kwa a Czech ndi kulakwa kapena mlandu, ndipo kwa a Czech ukangoika kamzere pamwamba pa i kukhala vína wanena mavinyo. Kalenso ku Russia kachasu wawo uja vodka ankamutcha vinyo wa buledi poti amaphikidwa kuchokera ku mbewu ngati tirigu.

Kwa amene mukufuna kuyesa, dziwani kuti tizizindikiro tapamwamba pa zilembo tili ndi ntchito, vino ndi víno ndi masamba awiri osiyana, ndiye muziyang'ana pamwamba pa tsamba pomwe amakulozerani mawu ofanana nawo. Mafotokozedwe ali mChingerezi ndipo pena mawu a akatswiri amachuluka, zimafuna kudekha. Mawu a Chichewa alimo koma ndi ochepa ukayerekeza ndi a zilankhulo za ku Ulaya, ndipo poti aliyense akhoza kuwonjezerapo, ine ndikulakalaka aphunzitsi athu a Chichewa atamalowetsamo mawu.

Panopa ndayamba kulondola liwu loti kalata. Apwitikizi amati carta, ku Russia karta ndi mapu, ku Poland karta ndi khadi, ku Romania carte ndi buku, ndipo onsewa akubwerera ku liwu la Chigiriki la pepala la gumbwa.