Sitata yaing'ono pa lole yakale: mmene yakhalira patatha miyezi 11

Lole yanga ndi ya dizilo, ya mabatire awiri a 12V olumikizidwa kuti apereke 24V, ndipo ili ndi zaka zambiri kuposa mwana wanga woyamba amene pano akumeta ndevu. Ntchito yake ndi kututa mbatatesi ndi kabichi ku Bembeke ndi ku Lizulu, kupita nazo ku Lilongwe. Sitata yomwe ndinaipeza pa loleyi inali chimphona chija cholemera, chofunika manja awiri ndi kuluma mano kuti uchitulutse pansi pa injini. Chaka chatha mu Epulo inayamba kuzungulira ngati nkhalamba ikukwera chitunda, ndiye ndinafunika kusankha: kugula ina yofanana nayo kapena yaing'ono ya magiya mkati. Ndinatenga yaing'ono, ngakhale anzanga pa siteji ankandiseka kuti kanthu kotere sikangadzutse injini ya lole.

Kusiyana kwake ndi uku. Mu sitata yaikulu, mota imazunguza mwachindunji kagiya kamene kamaluma mano a flywheel (gudumu lalikulu la mano la kumbuyo kwa injini), motero mphamvu yonse iyenera kuchokera mu kukula kwa motayo, ndipo imamwa moto wa batire wambiri. Mu yaing'ono, mota imathamanga kwambiri koma magiya a mkati amachepetsa liwirolo katatu kapena kanayi, n'kulisandutsa mphamvu yopotola. N'chimodzimodzi kukwera Khwekhwerere pa giya yoyamba: injini ikulira m'mwamba, matayala akuyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu.

Mayeso enieni anali Juni ndi Julayi. Amene sanagoneko ku Dedza nyengo imeneyi sangamvetse. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo 4 koloko m'mawa chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Oyilo amalimba, batire imafooka, ndipo dizilo sayaka ndi mapulagi ngati petulo; amadalira kutentha kwa mpweya wopanikizidwa mu silinda, ndiye injini ikazungulira mwaulesi siilira. Zaka zonsezi ndinkaimika lole potsetsereka usiku, mwala pansi pa tayala, kuti m'mawa anyamata angoikankha. Chisanu chapitachi ndinaikankhitsa kamodzi kokha, ndipo linali vuto langa, ndinagona nditasiya magetsi a m'kabini akuyaka. Masiku ena onse ndinkangodikira mahita otenthetsa mu silinda, kupotoza kiyi, iyo n'kulira. Mabatire ndi omwewo aja amene ndinkaganiza kuti atha.

Kalilidwe kake kanandiopsa sabata yoyamba. Imalira mokweza, kaphokoso kosongoka, mwakuti ndinabwerera kwa amisiri a zamagetsi a galimoto pa boma pano kukadandaula. Anangoseka. “Bwana, amenewo ndi magiya. Tsiku limene idzasiye kulira choncho, ndiye mudzabwere.”

Koma ndisabise zovuta. Sitata yoyamba imene anandipatsa pa shopu ina ku Lilongwe sinali ya loleyi. Mabawuti analowa bwinobwino, koma mano a kagiya sanagwirizane ndi a flywheel, ndipo titayesa kamodzi inakukuta moti ndinamva m'mimba. Tikanaumirira tikanadya mano a flywheel, ndipo kukonza zimenezo n'kutsitsa giyabokosi yonse. Ndinabwerera nayo nditanyamula yakale m'thumba, tinawerenga mano limodzi ndi wogulitsa, tinayeza kutalika kwa khosi lake, tinaonanso mbali imene imazungulira komanso kuti ndi ya 24V osati 12V. Ulendo wonsewo unali wopeweka ndikanapita ndi yakale poyamba paja.

Chachiwiri ndi chizolowezi cha sipanala. Sitata yakale ikakana, mnyamata wanga ankalowa pansi n'kuigogoda, mabulashi (timakala tolowetsa moto mu mota) n'kukhudza, lole n'kulira. Mwezi wa Novembala tili pa Chimbiya, katundu ali pamwamba, ndinapotoza kiyi n'kungomva “ka, ka”. Ndisanatsike n'komwe, iye anali atagwira kale sipanala. Ndinamukuwira. Amisiri aja anali atandichenjeza kuti zina mwa zing'onozing'onozi zili ndi maginito enieni mkati m'malo mwa makoyilo, ndipo ukamenya amasweka, sitata n'kutheratu. Titafufuza, sitata inalibe mlandu. Waya wa ethi wochokera ku batire kupita ku chasisi unali utadyeka ndi dzimbiri pa bawuti. Tinapala ndi mpeni, kumanga, lole inalira. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati sitata yakale ija inali yotheratu monga ndinkaganizira, kapena waya womwewu unkaimana moto kuyambira kale. Amene mukufuna kusintha, yambani mwaona mawaya ndi mitu ya batire musanatulutse ndalama.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukonza. Yaikulu ija mmisiri aliyense pa Dedza kapena pa Ntcheu amaidziwa ngati chikhatho chake. Mabulashi akasowa amapala a sitata ina mpaka akwane, mabushi amasula, solenoid (swichi ya pa sitata) amaitsegula n'kutembenuza zamkuwa za mkati. Yaing'onoyi mabulashi ndi solenoid angathe, koma magiya a mkati akathyoka, palibe chosula. Ukwere minibasi ukasake ku Lilongwe, mbatatesi zikuwola pa lole. Sizinandichitikire, koma nyengo ya dzinja ino, m'misewu ya matope ya kumidzi kuseri kwa Bembeke, nthawi iliyonse ndikadutsa pa chithaphwi chakuya ndimaikumbukira. Ndimaisamalanso poliza: masekondi 10 kapena 15, ikakana ndimaipumitsa, chifukwa thupi laling'ono silichedwa kutentha.

Ngati lole yanu imagona kumalo ozizira ngati kuno ndipo mumanyamuka kusanache, yaing'ono ndiyo ndingakuuzeni, bola mano agwirizane. Ngati mumakhala ku Golomoti kapena ku Mtakataka kotentha, ndipo yaikulu ikugwirabe, ikonzetseni basi, ndalamazo mugulire matayala.

Yanga yakale sindinagulitse kwa a zitsulo ngakhale anaifuna. Ndinaiikitsa mabulashi ndi mabushi atsopano, ndinaikulunga m'saka la fetereza, ili kuseri kwa mpando pamodzi ndi jeke. Mnyamata uja amadandaula kuti imamugunda m'miyendo tikamatsika ku Linthipe.