Galimoto ikulemera ponyamuka: titumize sipeya kapena ndalama?

Ambiri a ife kuno ku Harare tinasiya kagalimoto kumudzi ku Malawi kakugwira taxi, ndipo uthenga wa dalaivala timaudziwa: "Bwana, ikulemera ponyamuka, giyabokosi yatha, tumizani ndalama." Abale anga, musathamangire ku depoti ya mabasi ya Roadport kapena kotumizira ndalama musanamufunse bwino.

Funso loyamba: akaponda moto pa maroboti, injini ikulira mokweza koma galimoto osasuntha bwino? Ngati ndi choncho, vuto lili ku kilatchi kapena giyabokosi. Koma ngati injiniyo ikutsamwa, ikukana kukwera, yambani ndi zotchipa: fyuluta ya mpweya, pampu ya mafuta, mapulagi ndi makoyilo. Ayendenso pang'ono kenako ayandikize dzanja pa malimu. Limodzi likatentha kuposa anzake, ndi mabuleki akugwira, sipeya ya ku Harare sikufunika. Eni Honda Fit yakale ya 1.3 mumve izi: ili ndi mapulagi 8, anayi kutsogolo, anayi kumbuyo, ndipo makaniko waulesi amasintha akutsogolo okha. Ikamanjenjemera ponyamuka, kawirikawiri ndi oyilo wa giyabokosi yake ya otomatiki, yotchedwa CVT, amene wakalamba, kapena anathiramo wa otomatiki wamba. Dalaivala aipititse pa makina oyezera, akutumizireni chithunzi cha zimene zatuluka.

Vuto likadziwika m'pamene mungasankhe njira yotumizira sipeya kapena ndalama.

Basi ndiyo ndimaidalira pa tizinthu touma. Makoyilo ndimagula mu Kaguvi Street, msewu wa masipeya kuno ku Harare, nditatenga nambala ya chesisi, ndipo akakhala a kaunjika ndimauza wogulitsa awayese pa galimoto ndikuona. Ndimawakulunga m'chitenje chakutha, kuika m'katoni, lisiti pamwamba kuti a MRA pa Mwanza asachite kuganizira okha mtengo. Basi imadutsa pa Nyamapanda, Tete, Zobue, ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kukafika ku Blantyre, ndipo pazipata zikayenda bwino mawa lake katundu wafika. Mtengo mumakambirana ndi kondakitala. Kuipa kwake n'kwakuti palibe wokubwezerani chikaonongeka. Chigubu cha oyilo wa CVT chimene ndinakweza pa basi ina chinapsinjika ndi matumba, chinafika theka, katoni ili nyowe, kondakitala n'kungoti "pepani achimwene". Jambulani katoni ndi nambala ya basi, tengani foni ya kondakitala, ndipo wolandira akhale pa depoti basi isanafike.

Makampani ngati DHL amapereka nambala yolondolera katundu, komanso mtengo umatengera kulemera ndi kukula kwa phukusi. Kwa ine n'ngoyenera kachinthu kakang'ono kodula, monga kompyuta ya injini. Pulagi ayi, mungalipire kawiri. Zamadzimadzi funsani kaye ngati akulandira.

Ndalama ndiyo yabwino pa oyilo, mafyuluta ndi malipiro a makaniko, popeza izi ku Limbe zimapezeka. Kaya mukufunsa ku Mukuru kaya ku Western Union, musangoyang'ana ndalama yodula potumiza. Funsani kuti pa madola 100 munthu wanu alandira makwacha angati m'manja, ndipo ngati ikulowa pa Airtel Money kapena Mpamba, onjezerani yotapira. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya kumudzi sikhazikika, choncho mtengo wa sabata yatha musaudalire. Dalaivala afunsenso mtengo tsiku lotumizalo. Zopatsira kondakitala madola mu envelopu anthu amachita, ine ayi, palibe lisiti.

Giyabokosi yathunthu sindingalangize kukweza pa basi. N'njolemera, ilipira msonkho, ndipo ikakafika yakufa wogulitsa ali kuno, galimoto ili uko. Bola kugula konko, makaniko amange, aiyese pa chitunda atakweza anthu, ndalama yotsala mumalize pambuyo.